Kaundula wa Malo ndi Malonda a Nyumba ku Longacres

Aliyense amene anayesapo kugulitsa nyumba ku Longacres, kapena m'madera oyandikana nako monga Woodlands ndi Kabulonga, adzavomereza kuti wogula wochenjera, angakhale atazungulira mpanda wonse, nayang'ana denga ndi zitseko, nayamikira mitengo ya mthunzi imene anabzala anthu amene anapita kalekale, satulutsa ndalama m'thumba kufikira atamva nambala ya puloti ndi kutuma loya wake ku Mulungushi House, kumene kuli Unduna wa za Malo, kuti akaone chimene chinalembedwa m'kaundula wa Boma. Ulendowo ndi waufupi, pakuti kuchokera ku Longacres kukafika pa msewu wa Independence Avenue munthu wa mphamvu zake angayende pansi. Koma mwambo umene umamutumawo uli ndi mbiri ya zaka zoposa 100, ndipo amene aidziwa mbiriyo sadabwa poona nyumba ziwiri zofanana njerwa ndi malata, zoima mumsewu umodzi, ina itagulidwa msanga pa mtengo wabwino pamene inzake yatha chaka chikwangwani chili pachipata.

Makolo athu analibe kaundula wa pepala, komabe sanali osowa mboni. Kum'mawa, m'dziko la Kalonga Gawa Undi, kumene kunachokera ambiri mwa iwo amene anadzaza Lusaka ndi chinenero chathu, munthu wofuna pomanga kapena polima ankagwada pamaso pa mfumu, ndipo mfumuyo, pamodzi ndi nduna zake, inkayenda naye m'tchire dzuwa likuswa mtengo, kuloza chulu apa, khwawa apo, mtengo wa mkuyu uko, kotero kuti onse amene anaona tsikulo ndiwo anali osunga malirewo pa moyo wawo wonse. Dziko silinkagulitsidwa, popeza linali la amoyo, la amene anagona, ndi la ana osabadwa. Ndipo Asoli ndi Alenje, eni nthaka imene Lusaka waimapo lero, analinso ndi mafumu awo ogawa malo mwa mwambo wawo. Dongosolo limeneli linali lokwanira pamudzi pamene aliyense adziwa agogo a mnzake. Koma mboni yoyenda ndi miyendo imakalamba, imaiwala, nimwalira; ndipo pamene anthu a mitundu yosiyana asonkhana malo amodzi, wina osadziwa kumene mnzake anabadwira, pafunika mboni ina imene mlendo angaifunse popanda kudziwana nayo. Nzeru imeneyi si ya dzulo ayi. Mneneri Yeremiya, pogula munda wa ku Anatoti kwa mbale wake Hanameli ndi masekeli 17 a siliva, anaitana mboni, nakhala ndi makalata awiri, ina yomatidwa ndi chidindo, ina yotseguka, ndipo anawapereka kwa Baruki kuti asungidwe mumbiya kwa nthawi yaitali. Kalata yotseguka ija ndiyo chithunzi cha kaundula aliyense wa malo, pakuti umwini umene udziwika kwa mwini yekha suteteza munthu tsiku la mlandu.

Njanje yochokera kumwera inafika pamalo pano m'chaka cha 1905, ndipo siteshoni yaing'ono imene inamangidwa inatenga dzina la Lusaaka, mfumu ya mudzi wa pafupi. Pambuyo pa njanje panabwera azungu ofuna mafamu, amene kampani ya British South Africa, yolamulira dzikoli nthawi imeneyo, inawapimira nthaka ndi kuwapatsa mapepala. Ndipo popeza mapepala otere ankagulitsidwa, kuperekedwa ngati chikole cha ngongole, ndi kusiyidwa kwa ana, panafunika nyumba imodzi yolemberamo zonsezi mwa ndondomeko. Chotero m'chaka cha 1914 kunakhazikitsidwa lamulo la kaundula wa malo ndi zikalata, limene, litakonzedwa kambirimbiri, likugwirabe ntchito lero monga Mutu 185 wa malamulo a Zambia. Pakupita kwa zaka lamuloli linalandira nzeru yofanana ndi imene Robert Torrens anayambitsa ku South Australia m'chaka cha 1858, yakuti Boma lenileni lipereke chikalata cha umwini, ndi kuti dzina lolembedwa pa chikalatacho likhale umboni wokwanira pamaso pa bwalo, pokhapokha patapezeka chinyengo.

Pamene Boma la atsamunda linatsimikiza mtima kuchotsa likulu ku Livingstone, linaitana Profesa Stanley Adshead wa ku London, amene m'chaka cha 1931 anajambula mzinda wa misewu yotakata, mitengo ndi mabwalo, woyenera kuima pa chitunda cha Ridgeway, kum'mawa kwa njanje ndi masitolo a mu Cairo Road. Likulu linasamukira kuno m'chaka cha 1935, ndipo m'zaka zotsatira, mozungulira maofesi a Boma, munakula madera a nyumba za mayadi aakulu, Longacres ali pakati pa iwo, okhalamo akuluakulu a ntchito za Boma ndi azungu a malonda. Puloti iliyonse ya kumeneko inabadwa ndi nambala yake, ndi mapu ake ojambulidwa ndi opima malo, ndi zikhomo zake zokwiriridwa m'ngondya zinayi, ndi tsamba lake m'kaundula. Kotero kuti mwini wake, akafuna kubwerera kwawo kutsidya la nyanja, ankagulitsa popanda vuto, chifukwa banki inkakhulupirira pepalalo monga momwe inkakhulupirira ndalama.

Koma tikanena za amene analembedwa m'bukumo tiyenera kunenanso za amene anasiyidwa kunja, pakuti iwo ndiwo anali ochuluka. Malamulo a 1928 ndi 1947 anagawa dziko lonse patatu: malo a Mfumu ya ku Mangalande, ndiwo a m'mbali mwa njanje ndi m'matauni, malo opatulira eni dziko, ndi malo amene Boma linkati likuwasungira iwo. Munthu wakuda mu Lusaka ankawerengedwa mlendo wodzagwira ntchito, woyenda ndi chitupa m'thumba, amene ntchito ikatha ayenera kunyamula mphasa yake ndi kubwerera kwa mfumu yake ku Fort Jameson, ku Katete kapena ku Petauke. Ku Kabwata anamumangira tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, ta chipinda chimodzi, timene totsala take tikuonekabe pa mudzi wa zachikhalidwe wa kumeneko. Ndipo ngakhale lamulo la 1948 la nyumba za anthu akuda m'matauni linatsegula khomo lakuti mwamuna akhale ndi banja lake, nyumba za ku Chilenje ndi ku Matero zinali za khonsolo, zolipira lendi, ndipo dzina la wokhalamo silinkafika m'kaundula wa malo. Nyumba nambala 394 ya ku Chilenje, m'mene Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 kufikira 1962 akutsogolera nkhondo ya ufulu, inali imodzi mwa zoterezi. Ena amene anasowa malo m'nyumba za khonsolo anamanga pa mafamu a azungu ndi pa misasa ya makampani omanga, kulipira kangachepe kwa mwini nthaka, ndipo ndicho chifukwa chake makomboni ena, monga George, John Howard ndi John Laing, akutchedwabe ndi maina achilendo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Boma la nthawi ija linamanga mzinda wonse pa chiyembekezo chakuti eni dziko adzakamuka dzuwa likakwera, koma iwo sanakamuke.

Ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964, ana a dziko anayamba kulowa m'mayadi, ena monga nduna ndi alembi a Boma, ena monga ogula, ndipo akazembe a maiko ambiri anakhazika maofesi awo m'misewu ya ku Longacres ndi pafupi napo, misewu imene inalandira maina atsopano monga Haile Selassie Avenue. Komabe nthaka yambiri yabwino inali m'manja mwa eni amene anachoka m'dziko, akudikira kuti mtengo ukwere. Riferendamu ya 1969 inapatsa nyumba ya malamulo mphamvu yosintha malamulo aakulu a dziko popanda kubwereranso kwa anthu onse, ndipo chaka chotsatira kunabwera lamulo lolola Boma kutenga malo osiyidwa. Chigamulo chachikulu chinagwa pa 30 Juni 1975, pamene Pulezidenti Kaunda, atakwiya ndi anthu ogula malo opanda kanthu pakati pa mzinda ndi kuwagulitsanso pa phindu loopsa, analengeza kuti nthaka si katundu wa pamsika. Lamulo la chaka chomwecho linaika dziko lonse m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a Zambia. Umwini wamuyaya unasandulika lizi ya zaka 100 kuyambira pa 1 Julayi 1975. Makampani ogulitsa malo anauzidwa kutseka zitseko. Ndipo kuyambira pamenepo munthu sakanatha kugulitsa, kugawa kapena kupereka nyumba yake ngati chikole popanda chilolezo cha Pulezidenti, amene analinso ndi mphamvu yoika malire a mtengo, powerengera zomangidwa ndi zobzalidwa zokha, nthaka yeniyeniyo osaiwerengera kanthu.

Cholinga cha lamuloli chinali chaulemu, ndipo m'menemo munali kununkhira kwa mwambo wa makolo wakuti dziko siligulitsidwa. Koma mzinda suli mudzi, ndipo aliyense ankadziwa mumtima mwake kuti nyumba ya ku Longacres, yoyandikana ndi maofesi a Boma ndi a akazembe, siingafanane mtengo ndi nyumba ya njerwa zomwezo yomangidwa kutali kumathero a tauni. Chotulukapo chinali chakuti ena anayamba kulemba mtengo wina pa pepala ndi kulandira wina kumbali, ndipo ena anagulitsana pakamwa, osafika konse ku kaundula chifukwa choopa kuchedwa kwa chilolezo. M'nyengo yomweyo kunabadwa kaundula wachiwiri. Lamulo la 1974 linapatsa makhonsolo mphamvu yopereka zikalata zawozawo: chikalata cha zaka zofika 99 m'madera a nyumba zolinganizidwa, ndi chilolezo chokhalira cha zaka 30 m'makomboni amene Boma, mothandizidwa ndi World Bank, linayamba kuwakonza ndi misewu ndi madzi, monga Chawama ndi George. Koyamba m'mbiri ya Lusaka dzina la munthu wamba linalowa m'buku. Koma linalowa m'buku la khonsolo ku Civic Centre, osati la ku Unduna, ndipo kufikira lero wogulitsa ayenera kuyamba wadziwa kuti nyumba yake inalembedwa m'buku liti.

Boma la Frederick Chiluba, litalowa m'chaka cha 1991, linatembenuza chiwongolero. Lamulo la malo la 1995 linasiya dziko m'manja mwa Pulezidenti monga kale, koma linavomereza kuti nthaka ili ndi mtengo, linakhazikitsa lizi ya zaka 99, linatsegula bwalo lapadera loweruza milandu ya malo, ndipo, ngakhale linasunga chilolezo cha Boma pa malonda, linalamula kuti masiku 45 akapita yankho lisanatuluke, chilolezocho chiwerengedwe ngati chaperekedwa. Kenaka m'chaka cha 1996 nyumba za khonsolo ndi za Boma zinayamba kugulitsidwa kwa okhalamo pa mitengo yotsika, ndipo mabanja a ku Kabwata, ku Libala, ku Chilenje ndi ku Chelstone, amene anakhala akulipira lendi kwa mibadwo iwiri, anagona alendi nadzuka eni nyumba, monganso antchito a Boma amene anagula nyumba zimene ankakhalamo kumayadi. Chimwemwe chinali chachikulu. Koma m'chimwemwemo ambiri anasunga m'sutikesi kalata yowauza kuti agule, pamodzi ndi malisiti a malipiro, nayesa kuti nkhani yatha, osapitiriza ulendo kufikira taito, ndicho chikalata cha umwini, itatuluka m'dzina lawo. Zaka zinapita, ogulawo anatsikira kulichete, ndipo ana awo, pofuna kugulitsa, akupeza kuti buku likutchulabe khonsolo, kapena Boma, kapena bambo amene anaikidwa m'manda kalekale. Apa lamulo la 1989 la chuma cha masiye likuima pakhomo, pakuti woyang'anira chuma cha womwalira wopanda wilo sangagulitse nyumba popanda chilolezo cha bwalo la milandu. Mlandu suola, anatero akale. Ndipo ngongole ya pepala losamalizidwa imadikira mwakachetechete kufikira tsiku limene wogula waima pachipata.

Mbiri yonseyi ndiyo imene wogulitsa wa lero amakumana nayo, ndipo pano ndi pamene kaundula, amene ambiri amamuyesa chida cha wogula yekha, aonekera kuti ndi bwenzi la wogulitsanso. Lamulo linatsegula bukuli kwa aliyense wolipira kandalama kofufuzira. Chotero mwini nyumba wanzeru, asanaitane ma ejenti kapena kukhoma chikwangwani, amayamba wadzifufuza yekha, kuti aone ndi maso ake chimene mlendo adzaona. Pepala limene apatsidwa limanena dzina la mwini, kukula kwa puloti, tsiku limene lizi inayamba ndi zaka zake, ndi mndandanda wa zonse zimene zinachitikira malowo. Ngati nyumba inali ya umwini wamuyaya umene unasandulika mu 1975, lizi yake idzafika kumapeto mu 2075, ndipo wogula wofuna ngongole ya zaka zambiri adzawerenga zaka zotsalazo. Ngati mwini anakongolapo ndalama ku banki nabweza zonse, koma kalata yomasula chikole sinalembetsedwe, buku lidzanenabe kuti nyumba ili pa chikole, ndipo wogula adzabwerera m'mbuyo angakhale ngongoleyo inatha kale. Ngati mbale wina, kapena munthu amene anaperekapo ndalama ya chikole cha malonda amene sanatheke, anaika chiletso chimene maloya amachitcha caveat, palibe kusintha kwa dzina kumene kungalembedwe kufikira chiletsocho chitachotsedwa. Zonsezi ndi zokonzeka, koma zimafuna nthawi; ndipo nthawi imene wogulitsa ali nayo yambiri malonda asanayambe ndiyo imene amaisowa wogula akagwira kale ndalama m'manja. Safunsa anadya phula.

Pali mabuku enanso oyenda pamodzi ndi limeneli. Ku ofesi ya mkulu wa opima malo kuli mapu a puloti, amene amaweruza ngati mpanda waima pa zikhomo kapena walowa kwa mnansi. Ndipo malo amene sanapimidwe mokwanira ankapatsidwa lizi ya zaka 14 zokha, imene iyenera kusinthidwa kukhala ya zaka 99 mapu akavomerezedwa. Kwa Komishinala wa za Malo kuli akaunti ya msonkho wa nthaka wa chaka ndi chaka, umene uyenera kulipidwa wonse chilolezo chogulitsira chisanatuluke. Ku khonsolo kuli buku la mitengo ya nyumba, lochokera kwa akatswiri owerengera mtengo, limene mareti amatengedwapo. Ndipo ngakhale bukuli limatsalira m'mbuyo mwa msika, limathandiza mwini kuona m'mene nyumba yake imaimira pakati pa zinzake za mumsewu womwewo, kuti asatchule mtengo wa kumaloto kapena kutaya chuma cha ana ake pa mtengo wa nkhuku. Ku khonsolo komweko kuli mapulani ovomerezeka ndi zilolezo zosinthira ntchito ya malo, nkhani yolemera kwambiri ku Longacres, kumene nyumba zambiri zogonamo zasanduka maofesi, zipatala zazing'ono, malo odyera ndi ogona alendo, chifukwa cha kuyandikana ndi maofesi a United Nations ndi nyumba youlutsira mawu pa msewu wa Alick Nkhata. Pakuti wogula amene afuna kumanga ofesi adzalipira mosiyana puloti yololedwa kale ndi imene chilolezo chake chili m'malonjezo okha. Wogulitsa fulati adzafunsidwa ngati nyumbayo inalembetsedwa pansi pa lamulo la 1994 lolola fulati iliyonse kukhala ndi chikalata chakechake. Ndipo pamapeto pali msonkho wosinthira umwini, umene unayamba mu 1984, wolipidwa ndi wogulitsa ku Zambia Revenue Authority, umene popanda chiphaso chake mlembi wa kaundula salemba dzina latsopano.

Sitinganene kuti bukuli ndi lopanda banga. Mabwalo a milandu a Zambia aweruza milandu yambiri ya puloti imodzi yopatsidwa kwa anthu awiri, ya zikalata zopeka, ndi ya ogulitsa onama amene anadziveka dzina la mwini wokhala kunja kwa dziko. Ndipo ngakhale Unduna unasamutsira zolembedwa zake mu kompyuta, nuyambitsa ntchito yaikulu yopereka mataito kwa anthu a m'makomboni ndi m'madera ena, makina amabweza chimene munthu anaikamo, cholondola kapena cholakwa. Koma mabanga amenewa ndiwo akuwonjezera chifukwa chakuti mwini aziyang'ana tsamba lake nthawi ndi nthawi, ngakhale pamene sakuganiza zogulitsa, popeza cholakwa chopezeka msanga chimakonzedwa ndi kalata, pamene chopezeka mochedwa chimakonzedwa ndi woweruza.

Makolo a ambiri a ife anakhala mumzinda uno zaka zambiri maina awo osaloledwa m'kaundula, ndipo anafa ali alendi m'nyumba zimene anazisesa moyo wawo wonse. Lero khomo lili lotseguka, ndipo chotsalira ndi udindo wa eni: kumaliza taito imene inaima panjira mu 1996, kusintha dzina pamene maliro atha ndipo bwalo lasankha woyang'anira chuma, kulembetsa kalata yomasula chikole tsiku limene ngongole yatha, ndi kulipira msonkho wa nthaka chaka chisanathe. Amene achita izi, pa tsiku la malonda adzayala mapepala ake patebulo wogula asanawapemphe, adzatchula mtengo wake mosagwedezeka, ndipo banki ya wogulayo sidzapeza chifukwa chozengereza. Amene sachita, adzatsitsa mtengo kuti alipire mantha a wogula, ndipo kutsitsako kudzaposa kutali ndalama zimene akanawononga pokonza mapepala ake nthawi ikadalipo.